Fulashi Yakana Kubweza

Njombwa, Kasungu
9 Januwale 2012

Achimwene Geoffrey,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Limbeko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukadali wolemera, koma ndi ndodo akumafika pakhonde. Bambo ali gwa ngati kale pa ntchito yawo ya ulonda ku kopaletivi. Mwana wanga Agnesi akuti amalume asaiwale nsapato zija.

Ndasankha kalata chifukwa nkhani yake singakwane pafoni. Netiweki kuno mukuidziwa, timakaipeza pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo ukangoti moni achimwene, mayunitsi atha.

Kompyuta ya ku ofesi yafa. Lachiwiri lapitali nditaiyatsa inangolira kwee kwee ngati nkhuku yachitopa, kenako mdima. Atcheya athu a Sankhani anapita nayo ku boma. Wokonza anati chosungira zinthu cha m'kati, chimene amati hadi disiki, chatha ntchito ndipo sichingadzukenso. Anaikamo china, n'kuikamonso pulogalamu yathu ya akaunti. Yabwerako ili mbee, siikudziwa ngakhale dzina langa.

Poyamba sindinade nkhawa. A bungwe limene linatipatsa kompyutayi anandiphunzitsa kupanga bakapu, ndiye kuti kukopera zonse za mu pulogalamu n'kuzisunga mu fulashi. Ndakhala ndikuchita zimenezi tsiku lililonse poweruka, osajomba. Ndinauza atcheya kuti asadandaule, pofika masana zonse zikhala zitabwerera. Ndinalankhula monyada ndithu, anthu akumva.

Achimwene, fulashi yakana kubweza. Ndikasankha fayilo lomaliza n'kudina kuti libwezeretse, kamzere kobiriwira kamayamba kuyenda bwinobwino, pofika pakati n'kuima. Kenako imalemba m'Chingerezi kuti fayilo silingatseguke. Ndakukoperani mawu ake onse kuseri kwa pepalali. Ndayesa mpaka chala chachita dzanzi.

M'menemo ndi mmene muli zonse za alimi athu: amene analowa, feteleza amene anatenga kuno kuwonjezera pa wa makuponi, mabelo a fodya amene tinawatumizira ku okushoni. Kulemba m'mabuku tinasiya kompyuta itabwera, atcheya anati n'zachikale. Kumapeto kwa Malichi a bungwe akutumiza anthu odzafufuza za chuma, ndipo zikadzapezeka kuti palibe, ntchito yanga yathera pomwepo. Ntchito yokha ikanakhala nkhani ina. Pa chigayo anthu ayamba kale kunena kuti kalaliki wapha dala kompyuta kuti abise matumba a feteleza amene anagulitsa. Ndikamadutsa amasiya kulankhula.

Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Inu ndi amene mumatsegula zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku, ndiuzeni chochita. Ngati mungathe, bwerani.

Ndine mlongo wanu,
Feggie

Limbe
19 Januwale 2012

Chemwali Feggie,

Kalata yako yafika dzulo, yayenda masiku ngati ikuchokera kunja. Ife tili bwino. Upereke moni kwa amayi ndi bambo, ndipo Agnesi umuuze kuti amalume ake saiwala, amangochedwa.

Choyamba, pukuta misozi. Iwe kuyambira uli mwana ukataya singano umalira ngati kwagwa maliro. Zimene walembazi ndimakumana nazo sabata iliyonse pano pashopu, ndipo kawirikawiri vuto limakhala laling'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usamabwezeretse molunjika kuchokera mu fulashi. Yamba wakopera fayilolo pa kompyuta penipeni, ndiye uliitane kuchokera pamenepo. Mafulashi enawa ndi aulesi, amatopera panjira. Zikakanika, tsegula pulogalamuyo uone nambala yake pamene pamalembedwa za iyo mwini. Anyamata okonza a ku boma amaika chilichonse chimene ali nacho m'thumba. Ngati anakuikira yakale kuposa imene unkagwiritsa ntchito, singawerenge bakapu yako, ili ngati gogo amene wapatsidwa foni ya mdzukulu. Ufunse atcheya ngati chimbale chimene a bungwe anabweretsa chilipo, muikemo yochokera m'menemo. Uonenso deti ya pa kompyuta ngati ili yolondola, ndipo wokonza uja aipime fulashiyo ngati ilibe vairasi. Ndikudziwa kuti kwanuko fulashi imodzi imazungulira mudzi wonse, lero nyimbo za kwaya, mawa zithunzi za ukwati. Ngati unabwereketsapo, ingonena, sindikukalipira.

Fayilo lomaliza likakanabe, yesa la dzulo lake, kenako la dzana, uzibwerera m'mbuyo. Kutaya ntchito ya masiku awiri si imfa.

Zobwera ndiye zavuta. Ukudziwa mmene mafuta asowera. Mabasi akugona pamizere ya pa filing'i siteshoni, ndipo imene ikuyenda mtengo wake ndi woti ugulitse mbuzi. Abwana anganso sakufuna kumva za tchuthi mwezi uno. Koma ndikukutsimikizira kuti izi zitheka popanda ine kufika. Zikatheka undigulire nkhuku.

A pa chigayowo asiye. Pakamwa pa anthu sipagwira ntchito ina.

Mchimwene wako,
Geoffrey

Njombwa
1 Febuluwale 2012

Achimwene,

Zikomo poyankha. Kuno mvula yadula, chimanga chayamba kupota masamba, ndipo amayi akudandaula mutu. Ena tonse tilipo.

Ndachita zonse mmene munalembera. Chimbale tinachipeza m'kabati ya atcheya, pansi pa malisiti odyedwa ndi chiswe. Munalondola, wokonza uja anaika pulogalamu yakale. Titaika yoyenera ndinasangalala mpaka ndinaimba nyimbo, ndimati basi zatheka. Uthenga uja unasinthadi, koma kamzere kanaimabe panjira. Tsopano ikulemba kuti fayilo ndi loonongeka kapena silinathere. Vairasi mulibe. Deti ili bwino. Ndipo fulashi imeneyi sindinabwereketsepo munthu, ngakhale abusa anaipempha ndinawakaniza. Zandiwawa kuti munaganiza choncho.

Ndabwerera m'mbuyo monga munanenera. La dzulo lake lakana, la dzana lakana. Disembala yense wakana, Novembala, Okutobala, mpaka ndinasiya kuyang'ana kamzere kaja, ndimangodina maso ali kudenga. Lina limaima koyambirira, lina pakati, lina limatsala pang'onong'ono kuti lifike. Limene latseguka ndi la mu Meyi chaka chatha. Chilichonse cha kumbuyo kwa Meyi chikutseguka bwinobwino. Koma Meyi atithandiza chiyani? Fodya anali asanathe kugulitsidwa, feteleza wa chaka chino anali asanabwere n'komwe.

Sindikumvetsa. Sindinasinthe kachitidwe. Ndikamaweruka ndimalowetsa fulashi, n'kudina bakapu, n'kusankha kuti ikamaliza izime yokha, monga anandiphunzitsira. Kompyutayo inali yochedwa, ukanatha kuphika tiyi n'kumwa isanamalize, ndiye ndinkakhoma ofesi n'kukwera njinga kuti ndikafike kunyumba dzuwa lisanalowe. M'mawa ndinkapeza fayilo lilimo, dzina lake ndi deti yake. Chimene ndingakumbukire n'chakuti miyezi yapitayi ikamayaka m'mawa inkayamba yaonetsa chophimba chabuluu, ikuwerenga manambala yokha kwa kanthawi. Ndinkangoti ndi ukalamba.

Lamlungu ku tchalitchi amayi a chigwirizano anandichotsa pa udindo wosunga chopereka. Anati ndipume kaye mpaka za ku ofesi zione mutu wake. Ananena mwaulemu, akumwetulira. Ndinalira njira yonse. Komiti ya kopaletivi nayo yandilanda makiyi a nyumba yosungira katundu. Mayi wina anandifunsa pamaso pa Agnesi kuti malata a nyumba yanga ndinagula ndi chiyani, chonsecho malatawo munagula ndinu. Mukudziwa mmene amationera kuno. Takhala zaka zonsezi, ine ndinabadwira konkuno, koma chikangosowa chinthu amakumbukira kuti ndife ana a matenanti ochokera ku Phalombe.

Ndakutumizirani fulashiyo ndi kondakitala wa basi ya ku Blantyre, ndaikulunga m'kansalu m'kati mwa envelopu ino. Zonse ndakopera kaye pa kompyuta. Muione ndi maso anu. Sindikunena kuti simukufuna kubwera, koma bambo akufunsa tsiku lililonse.

Feggie

Njombwa
13 Febuluwale 2012

Kwa mwana wanga Geoffrey,

Ndine bambo ako Samsoni. Ndalemba ndekha ndi dzanja langa, usaseke zilembo. Moyo tili nawo mwa chisomo. Amako akudwaladwala. Kaya iwe ndi apongozi anga kumeneko.

Ndamva kuti kachitsulo kaja anakutumizira mlongo wako kanakupeza sabata yatha, koma mpaka lero uli chete. Kodi ukudikira kuti mlongo wako amangidwe kaye? Ine ndi amako tinasenza fodya wa eni pamutu zaka zambiri, tikudya chimanga choyezeredwa pa mbale, kuti iwe uphunzire za makinawa. Lero makina omwewo agwetsa mlongo wako m'dzenje, iwe ukutumiza mapepala. Munthu akamira sumuponyera kalata. Ukuti mafuta asowa. Ife pobwera kuno tinakwera lole ya njerwa, amako ali ndi pakati pa Feggie, ndipo tinafika. Tauni yakulowa m'mutu.

Mwanayu waonda. Amabwera m'mawa, ndimamutsegulira geti, samandiyang'ananso kumaso. Ine ndikudziwa kuti sanabe. Ndimagona pakhomo pa katunduyo, palibe thumba limene linatuluka ine osaliona. Ndinawauza atcheya choncho, anati mlonda sachitira umboni mwana wake.

Zikundipweteka chifukwa banja lathu lili ndi mbiri yabwino pamalo pano, ndipo mbiriyo ndinaivutikira. Ufunse aliyense za jenereta. Mafuta atayamba kuvuta chaka chatha nthawi yokolola, atcheya anaitana tonse n'kunena kuti petulo tsopano ndi golide, aliyense asamale. Ena anangogwedeza mitu. Ine ndinakhala pansi n'kuganiza. Ndinaona kuti mlongo wako akakhoma ofesi n'kupita, jenereta imangolirabe, m'nyumbamo mulibe munthu, ati tidikire mpaka kanyali ka makinawo kooneka pawindo kazime. Ndinati kodi tikuunikira mbewa? Kuyambira pamenepo, iye akangotuluka, ndimatseka geti, n'kuzungulira kuseri, n'kuithimitsa. Sindinauze munthu, ntchito yabwino imadzionetsa yokha. Ndipo inaonekadi. Chigubu chimene chinkatha Lachinayi chinayamba kufika Loweruka. Pa msonkhano waukulu atcheya anandiimiritsa pamaso pa alimi onse, anati onani a Samsoni, munthu wosapita kusukulu koma wodziwa kusamala za gulu. Anandiombera m'manja. Anandipatsa magambutsi atsopano, ndipo chaka chino kwa nthawi yoyamba dzina langa linalowa pa makuponi, ine wobwera. Amako anavina ndi mwendo umodzi.

Ndiye taona, bambo akutamandidwa, mwana akutchedwa wakuba, pa geti limodzi lomweli. Ine ndikuti pali munthu wanjiru amene wachita chipongwe pa makinawa. Zinthu sizifa zokha.

Ngati sungabwere, konza kachitsuloko ubweze msanga. Utumizenso kangachepe ka mankhwala a amako, kuchipatala kulibe. Usandichititse manyazi.

Ndatha ine bambo ako,
Samsoni

Limbe
25 Febuluwale 2012

Feggie,

Moni. Kalata iyi uwerenge uli wekha, ndipo usawawerengere amayi monga umachitira ndi zinazi.

Sindinakhale chete chifukwa cha mwano. Fulashi yako ndakhala nayo sabata ziwiri, ndayesa pa makompyuta atatu, ndinapitanso nayo kwa mnzanga amene amadziwa pulogalamu imeneyi kuposa ine. Pepa chifukwa cha nthabwala za m'kalata yoyamba ija. Ndinaitenga nkhaniyi mopepuka.

Nditayang'ana kukula kwa mafayilo ndinaona chodabwitsa. Bakapu yabwino imakula pang'onopang'ono, chifukwa tsiku lililonse mukuwonjezera zinthu. Ako mpaka Meyi akukula bwino. Kuyambira pamenepo onse ndi aang'ono, ndipo alibe dongosolo, lero theka, mawa kachidutswa. Sanaonongeke ali mu fulashi ayi. Sanamalizidwe kulembedwa. Ali ngati thumba limene wosoka wasiya pansi posasoka: dzina lalembedwa bwino pamwamba, koma chimanga mulibe. Chimene sichinalembedwe palibe katswiri angachibweze, ngakhale wa kunja. Ndinadziwa kuti china chake chinkadula ntchitoyo panjira tsiku lililonse, koma sindinkadziwa kuti n'chiyani. Chophimba chabuluu chija chinkakuuza zomwezo, kompyuta imatero ikazimitsidwa mwadzidzidzi. N'kutheka kuti n'zimenenso zinapha hadi disiki.

Kenako kunabwera kalata ya bambo yondikalipira. M'kati mwake akudzitama kuti kuyambira nthawi yokolola chaka chatha, iwe ukangotuluka pa geti, iwo amakathimitsa jenereta osadikira kanyali, pofuna kupulumutsa petulo. Magambutsi aja anawapatsira zimenezo. Ndinawerenga ndili chiimire m'shopu, ndinachita kukhala pansi. Iwo sakudziwa chilichonse, Feggie. Alemba monyadira.

Khoswe wakhala pa mkhate. Komabe ine maganizo anga ndi awa. Ndalemba lipoti m'Chingerezi, lili m'envelopu momuno pamodzi ndi fulashi, abwana anga asainira ndi kudinda. Likufotokoza kuti mafayilo anaduka chifukwa magetsi ankazima bakapu ili m'kati, ndipo kalaliki sakanatha kuchita zimenezi ndi dzanja lake. Sindinatchule dzina la munthu. Ukawapatse ofufuzawo. Akaliwerenga palibe angakutchulenso wakuba, ndipo ntchito yako ikhalapo. Fayilo la mu Meyi libwezeretse, zotsalazo muziyamba kufunsa alimi mmodzimmodzi.

Za mankhwala a amayi ndatumiza ndi kondakitala yemweyu. Undiyankhe msanga.

Geoffrey

Njombwa
6 Malichi 2012

Achimwene,

Zonse zafika. Amayi akuthokoza.

Ndinawerenga kalata yanu ku dimba. Sindinathe kubwerera kunyumba mpaka Agnesi anachita kudzanditenga.

Mukuti simunatchule dzina. Kodi pa kopaletivi pano amagwira jenereta ndi anthu angati? Funso loyamba la ofufuza lidzakhala lakuti ankazimitsa ndani, ndipo atcheya sadzanena kuti ndine ndinati tisamale petulo. Adzanena kuti mlonda anauzidwa kudikira kanyali ndipo sanamvere, zimene zili zoona. Alimi amene anaomba m'manja aja ndi omwewo adzabwere ndi miyala.

Inu mwakhalitsa m'tauni, mwaiwala kuti nyumba imene amayi akugonamo ndi ya kopaletivi. Kamunda kamene bambo athira feteleza wa kuponi ndi ka kopaletivi. Akachotsedwa apita kuti ndi mayi wosayenda? Kwanga ndi chipinda chimodzi pa malo obwereka. Ku Phalombe anachokako inu muli kumbuyo, malo awo anagawana kalekale, akakafika adzawalandira ngati alendo, tsiku lachitatu n'kuyamba kuwafunsa kuti mubwerera liti.

Ndipo si nyumba yokha. Munawaona bambo tsiku limene anawaimiritsa pa msonkhano? Simunawaone. Ine ndinalipo. Moyo wawo wonse akhala akuitanidwa kuti iwe tenanti, iwe mlonda. Tsiku limenelo anatchedwa a Samsoni. Magambutsi aja savala kumunda, amavala popita ku tchalitchi. Ndikawauze kuti chinthu chimodzi chimene anthu anawayamikira ndi chimene chapha mwana wawo?

Lipoti lanu ndi labwino, ndaona kuti munavutika nalo. Sindikalipereka.

Feggie

Limbe
14 Malichi 2012

Feggie,

Moni, ngakhale ndalemba ndili wokwiya.

Ukuganiza bwino iwe? Uli ndi mwana. Ukachotsedwa ndi mbiri ya kuba palibe adzakulembenso ntchito m'Kasungu monse, ngakhale yogulitsa mu golosale. Bambo ndi okalamba, zaka zawo za ntchito zatsala zochepa, iwe moyo wako ukuyamba kumene. Ndikhoza kuwatenga onse awiri adzakhale kuno ku Bangwe, tidzapanikizana momwemo. Manyazi sapha munthu.

Unandipempha kuti ndipeze vuto. Ndalipeza, ndiye ukuti ndilikwirire. Ukapanda kupereka lipotilo ndilitumiza ndekha ku ofesi ya bungwe ku Lilongwe. Ndakupatsa mpaka sabata yamawa kuti undiimbire, ukwere pa chulu chakocho.

Geoffrey

Njombwa
30 Malichi 2012

Achimwene anga,

Moni wa masiku. Ndikhulupirira alamu ali bwino. Amayi mankhwala aja awathandiza, mutu wasiya.

Sindinakuimbireni, ndipo ndinadikira sabata yonse mtima uli m'mwamba kuti mwina mwatumizadi. Ofufuza atafika opanda pepala lililonse lochokera kwa inu, ndinadziwa kuti mwandimvera ngakhale simukugwirizana nazo. Zikomo. Za ku Bangwe munanena ndi mtima wabwino, koma inunso mukudziwa kuti bambo sangakhale m'chipinda chochezera cha mpongozi wawo, akudziwa chimene chawafikitsa kumeneko. Mukuti manyazi sapha. Awa angawaphe.

Anabwera Lachiwiri, bambo wina ndi mayi wina, anthu aulemu. Tinakhala mu ofesi ndi komiti yonse. Anayesa okha mafayilo aja, kamzere kanawaimiranso chimodzimodzi. Mayiyo anandifunsa ngati chiyambire ndinayesapo kubwezeretsa bakapu ngakhale kamodzi, kuti ndione ngati ikugwira. Ndinati ayi, ndinkangoona dzina ndi deti. Anandifunsa ngati ndinkakhalapo mpaka imalize. Ndinati ayi. Sindinaname pa chilichonse. Kenako anafunsa ngati magetsi ankavutapo, poti kuno n'kwa jenereta. Atcheya anayankha msanga kuti jenereta yathu ili m'manja mwa munthu wodalirika kwambiri m'dera lino. Mayiyo anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana pansi, ndinati ine ndinkakhala nditapita.

Anawerenga matumba m'nyumba ya katundu, anafunsa alimi angapo, sanapeze umboni woti ndinaba. Sanapezenso umboni woti sindinabe, poti zolembedwa palibe. Analemba kuti kalaliki analephera kusamala ntchito yake. Komiti inakumana masana omwewo, ndipo pofika madzulo anandipatsa kalata. Atcheya anati andichitira chifundo posapita nane ku polisi. Kunja kunali alimi ambiri, ena akuti anabweza kale feteleza, ena akuti sanatengeko n'komwe, aliyense akukumbukira zomukomera. Onse ankayang'ana ine.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndi lolemera. Bambo akukukwiyirani. Akuti sukulu yanu inangodya fodya wawo pachabe. Mukamawalembera, musadziteteze. Muwauze kuti munayesa ndipo zinakukanikani. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa ntchito yanu mawu amenewa ndi owawa, makamaka poti si oona. Ine ndasenza mbali yanga, inu musenze imeneyo.

Mwina mukufuna kudziwa mmene ndinatulukira. Pali lamulo pano lakuti wantchito akachotsedwa, mlonda amusecha pa geti asanapite. Ndinkaganiza kuti atcheya auza munthu wina. Sanatero. Anaitana bambo, anthu onse aja ali pomwepo. Bambo anabwera, anavula chipewa, ndinawapatsa chikwama. Zipi anachita kutsegula kawiri. Anatulutsa ambulera, kontena ya chakudya, buku la kuchipatala la Agnesi ndi chipeso, n'kumaika pa mpando chimodzichimodzi, n'kumakweza m'mwamba kuti aliyense aone. Atafika pansi pa chikwama anachitembenuza n'kuchikutumula. Kenako anabwezeramo zonse mosamala, n'kundikoleka paphewa ngati mmene ankachitira ndikupita ku pulayimale.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma anatembenukira ku gulu lija, misozi ili mbwembwembwe, n'kukweza dzanja kumwamba.

"Mwaona nonse, mwana wanga sanatenge kanthu. Koma alipo amene wamuchita zimenezi. Mulungu amene ndimamupembedza akumuona. Munthu ameneyo, kaya ndi ndani, asadzaone mvula ya chaka cha..."

Achimwene, chibadwire sindinawagwirepo bambo kumaso. Ndinaponya njinga pansi, ndinawatseka pakamwa ndi dzanja langa, mwamphamvu, mpaka ndinamva mano awo m'chikhatho. Ndinati, "Bambo, musamalize. Chonde musamalize."

Anandiyang'ana modabwa, koma sanamalize. Pano pa chigayo akuti kuwonjezera pa kuba ndine mwana wamwano, wogwira bambo ake pakamwa pagulu. Ena akuti ndinawaletsa chifukwa temberero likanagwera ine ndemwe. Bambo nawo sanandilankhule kuyambira tsiku limenelo. Auza amayi kuti sakumvetsa chifukwa chimene ndikutetezera mdani wanga.

Fodya wayamba kuuma m'zigafa, ndamva kuti ku esiteti ya ku Mtunthama akufuna amayi osankha masamba. Ndipita Lolemba ndikayese. Nsapato za Agnesi zikhale nambala yokulirapo, phazi lakula.

Ndine mlongo wanu,
Feggie